CHIDULE CHA KHUTBA: MAINA A MAKOLO ATHU

Tikutamanda Allah (SWT), ndipo madalitso ndi mtendere zipite kwa Mtumiki wake Muhammad (SAW).

Abale ndi alongo m'Chisilamu, ana athu ambiri akafunsidwa dzina la agogo a bambo awo amangoyang'ana pansi. Komatu maina akalewo asunga mbiri ya mmene dini inafikira kuno kunyanja.

Chisilamu chinadza ndi Aswahili monga Jumbe Salim bin Abdallah, amene anakhazikika ku Nkhotakota m'zaka za m'ma 1840. Makolo athu analandira maina Achiarabu nawatchula monga mwa lilime lawo. Mwamadi ndi Muhammad, Patuma ndi Fatima, Asani ndi Hasan. Silaji ndi Siraj, kutanthauza nyali, pamene Twaibu ndi Tayyib, wabwino. Ena amatiuza nthawi yobadwira: Lajabu ndi mwezi wa Rajab, Hamisi ndi Lachinayi, Juma ndi tsiku lino la Lachisanu. Ndipo mawu akuti bin ndi binti ankamangiriza mwana kwa bambo ake.

Pamenepa tichenjere. Allah, mu Surat Al-Ahzab ndime 5, akutilamula kuitana ana ndi maina a abambo awo. Ndi chifukwa chake Zaid, amene analeredwa ndi Mtumiki (SAW), anabwerera kutchedwa Zaid bin Haritha. Ife timalembetsa mwana kusukulu ndi dzina la atsibweni amene akumulera, dzinalo n'kukalowanso pachiphaso. Kulera mwana wa mlongo kuli ndi malipiro aakulu, koma kufufuta dzina la bambo ake kumasokoneza chuma chamasiye ndi nikah, mwinanso abale n'kukwatirana osadziwana.

Dzina lachiyao kapena lachichewa si loletsedwa ngati tanthauzo lake lili labwino. Mtumiki (SAW) ankasintha maina oipa okha, ndipo anatiphunzitsa kuti okondedwa kwambiri kwa Allah ndi Abdullah ndi Abdurrahman. Tisasenzetse khanda dzina lokumbutsa mkangano kapena maliro.

Choncho tikhale pansi ndi agogo athu akadali moyo. Tiwafunse maina a makolo, kuchimuna ndi kuchikazi komwe, mudzi umene anachokera, ndi amene anayamba kuswali pabanjapo, tilembe m'kope. Cholinga si kunyadira mtundu, pakuti wolemekezeka kwa Allah ndi womuopa, koma kulumikiza chibale ndi kuwatchula maina powapangira dua.

Allah akhululukire makolo athu ndi kutisonkhanitsa nawo ku Jannah. Ameen.