Kulemba kwa Wodwala Kuthandiza Dotolo

Nkhani ya mwezi uno ndi ya anthu odwala nthenda ya misala, ndi m'mene kulemba kwao kuthandizira dotolo.

Munthu salemba ndi dzanja lokha ayi. Ubongo ndiwo ulamula zala kuti apa zifulumire, apa zitsindike pang'ono. Tsono ubongo ukavutika, malembo nawonso asintha. Dotolo wa ku Germany, Emil Kraepelin, anazindikira ichi kale. M'zaka za m'ma 1890 anakonza sikelo yoyesa mphamvu imene wodwala atsindika nayo cholembera.

M'chaka cha 1952 madotolo a ku Paris anayamba kupatsa odwala misala mankhwala otchedwa chlorpromazine, amene aperekedwabe m'zipatala mpaka lero. Mankhwalawa akhazika mtima pansi pakuchepetsa mphamvu ya chinthu china cha muubongo chotchedwa dopamine. Koma chinthu chomwecho ndicho chithandiza thupi kuyenda mofewa. Chifukwa chake mankhwala akachuluka, thupi liuma, manja anjenjemera, ndipo munthu ayenda mokoka miyendo.

Kodi dotolo adziwa bwanji kuti muyeso wakwana? Dotolo wina wa ku Germany, Hans-Joachim Haase, anapeza njira. Iye anali kulembetsa odwala mau asanayambe kumwa mankhwala, ndi kuwalembetsanso mau omwewo masiku otsatira. Poyerekeza mapepalawo anaona kuti malembo ayamba kuchepa ndi kupanikizana thupi lisanaoneke kuuma. Pamenepo iye anati muyeso wakwana, usaonjezedwenso. Masiku ano m'zipatala zina zofufuza za matenda wodwala alemba pa bolodi lolumikizidwa ku kompyuta, imene iyesa liwiro la dzanja ndi kudukiza kwake.

Anthu a kumudzi akumbukire zinthu ziwiri. Choyamba, mbale amene ali kumwa mankhwala otere akayamba kulemba timalembo tating'ono, kapena kulephera kumanga mabatani a malaya, abale apite naye msanga kuchipatala, atengenso kalata imene analemba kale. Asamsiyitse okha mankhwala, pakuti nthenda ingabwerere mwamphamvu. Dotolo angathe kuchepetsa muyeso kapena kusintha mankhwala.

Chachiwiri, njira iyi si kuombeza, ndiponso siiulula mtima wa munthu. Aphunzitsi asaganize kuti mwana wolemba moipa ali ndi misala. Ana ambiri otere angofuna kuphunzitsidwa moleza mtima.