Pomanga Nyumba Amalamula Ndani, Boma Kapena Mudzi?



Ndiyambe ndi nkhani ya mayi wina wa mu mphakati wathu, amene sindimutchula dzina. Adabwera kuno ku chitengwa akali mtsikana. Iye ndi mwamuna wake adaumba njerwa, naziwotcha, namanga nyumba ya malata ndi ndalama za fodya. Mwamuna atamwalira, mwambo wa kumeta usadachitike n'komwe, akuchimuna adati malowo ndi a mtundu wawo. Mlandu udapita kwa anyakwawa, koma anyakwawawo adali amalume a olandawo. Lero mayiyo akuchita lendi kachipinda pa tredingi senta. Nyumba adamanga ndi manja ake, koma dothi limene nyumbayo idakhalapo silidali m'dzina lake.

Nchifukwa chake funso lathu lero ndi ili: kodi woyenera kunena kuti uyu amange apa, uyu asamange apo, ndani? Boma ku Lilongwe ndi malamulo ake, kapena ife eni mudzi ndi mafumu athu?

M'chaka cha 2016 Nyumba ya Malamulo idavomereza malamulo atsopano okhudza malo. Awiri mwa iwo akutikhudza ife mwachindunji. Loyamba ndi la malo a makolo, limene lidayamba kugwira ntchito mu 2018. Lamuloli likulola munthu kapena banja kulembetsa munda ndi malo a nyumba ndi kulandira chiphaso cha umwini. Lachiwiri ndi la mapulani a kagwiritsidwe ntchito ka malo. Kale za mapulani zinkatha m'matauni ndi m'madera ochepa amene boma lidasankha. Tsopano lamulo likuti dziko lonse la Malawi ndi malo oyenera kukhala ndi pulani, ndiye kuti ndi kuno kwa Chulu komwe. Mafumu ambiri adakana malamulowa, nati akuwalanda mphamvu, pakuti mfumu yopanda malo ndi mfumu ya chiyani? Madandaulo adapitirira mpaka mu 2022 pamene aphungu adakonzanso zina, monga kukhwimitsa za kugulitsa malo kwa anthu amene si nzika za dziko lino.

Mantha a mafumu ndi omveka. Dzanja la boma ndi lolemera. Pamene likulu linkasamukira ku Lilongwe, ntchito imene idafika pachimake mu 1975, midzi yathunthu idasamutsidwa kuti mzinda umangidwe. Ndipo lamulo la mafumu la 1967 likuti mfumu ilibe ulamuliro mkati mwa mzinda kapena tauni pokhapokha khonsolo italola. Choncho tauni ya Kasungu ikamakula ndi kumeza midzi yoyandikana nayo, munthu amagona ali wa anyakwawa nadzuka ali wa khonsolo.

Koma tisathamangire kunena kuti zikadasiyidwa m'manja mwa mafumu okha zikadakhala bwino. Ife a ku Kasungu tili ndi zipsera. Akuluakulu mukukumbukira za m'ma 1970 ndi m'ma 1980. Masiku amenewo fodya wa bale ankaloledwa pa esiteti pokha, mpaka mu 1990 pamene alimi ang'onoang'ono adayamba kuloledwa. Aliyense wofuna kulima bale ankafuna lizi, ndipo malo a makolo ambirimbiri adasanduka maesiteti. Nanga lizi inkatuluka bwanji? Potsata lamulo la malo la 1965, mfumu inkavomereza kuno kumudzi, nduna n'kusayina ku likulu. Taonani bwino pamenepa. Pa pepala limenelo padali chidindo cha mfumu, padalinso siginecha ya boma. Chimene padalibe ndi mawu a mayi amene ankatola nkhuni m'thengo limenelo, ndi a mnyamata amene ankayembekeza kudzamangapo nyumba akakwatira. Lero zidzukulu zawo zikumanga kuseri kwa nyumba ya agogo, kwinaku kuli mpanda wa esiteti, kwinaku malire a nkhalango ya Kasungu. Boma ndi mfumu adagwirizana, mudzi sudafunsidwe.

Ndiye ine ndikamva mawu akuti mphamvu ku anthu, ndimafunsa kuti anthu ake ati? Pajatu lamulo la maboma ang'onoang'ono lidabwera mu 1998, tidasankha makhansala mu 2000, koma kuyambira 2005 mpaka 2014 dziko lidakhala lopanda khansala ndi mmodzi yemwe. Mphamvu zidali papepala.

Mpingo wathu uli ndi chiphunzitso pa nkhani yotereyi. Papa Pius XI, m'kalata yake ya mu 1931 yotchedwa Quadragesimo Anno, adaphunzitsa kuti chimene banja kapena mudzi ungathe kuchita pawokha, akuluakulu a pamwamba asaulande. Koma chiphunzitso chomwecho chikutanthauzanso kuti pamene mudzi walephera, a pamwamba athandize. Mudzi udalephera kumuteteza mayi uja. Apo lamulo la boma liyenera kulowa, ndipo ine ndikulilandira ndi manja awiri.

Tsono tamverani mmene lamulo la malo a makolo lidakonzera zinthu, chifukwa ambiri timangomva za m'maluwa. Kwa gulupu aliyense kuyenera kukhala komiti ya za malo. Wapampando ndi agulupu eni ake. Ena asanu ndi mmodzi amasankhidwa ndi anthu a m'deralo, ndipo mwa iwo osachepera atatu akhale amayi. Mlembi wa komiti ndi kalaliki wa za malo wolembedwa ntchito ndi khonsolo. Komitiyo singapereke malo mfumu yaikulu isadavomereze. Pakabuka mkangano pali bwalo la za malo lotsogozedwa ndi mfumu yaikulu, ndipo wosakhutira angathe kukadandaula ku bwalo la pa boma, kenaka ku bungwe lalikulu la dziko lonse. Kasungu ndi limodzi mwa maboma amene ntchito yolembetsa malo idayamba kuyesedwa, pamodzi ndi Phalombe ndi Rumphi. Mafumu athu, mwaona kuti simudachotsedwe. Chimene chachotsedwa ndi kugawa malo muli awiri, usiku, nkhuku ili m'manja. Mutu umodzi susenza denga, ndipo denga la malo ndi lolemera kuposa onse.

Pa lamulo la mapulani mtima wanga uli pawiri. Tikayenda pa tredingi senta timaona tokha: chimbudzi pafupi ndi chitsime, golosale pakati pa msewu, nyumba m'dambo, puloti imodzi yogulitsidwa kwa anthu awiri. Pulani ikufunika ndithu. Koma pulani yojambulidwa mu ofesi ndi munthu amene sadziwa kumene kuli manda athu, dambwe, kapena njira yopita ku mjigo, idzatipweteka monga idatipwetekera lizi. Komanso ngati mlimi azikwera galimoto kangapo kupita ku boma kuti akapeze chilolezo, olemera okha ndiwo adzamange motsata lamulo, osauka onse n'kusanduka olakwa. Apa mpamene khansala wathu ayenera kutuluka thukuta. Abwere ku makomiti athu a chitukuko, VDC ndi ADC, adzatiuze nyumba zimene zikufuna chilolezo ndi zimene sizikufuna, ndalama zake ndi zingati, ndipo pulani ya dera lino tiyione isadadindidwe.

Tisaiwale abale athu amene adabwera kudzagwira utenanti kuchokera ku Mulanje, ku Thyolo ndi kwina. Lamulo lidathetsa utenanti mu 2021, koma ambiri adakalamba kuno, ana awo adabatizidwa kuno, ndipo alibe pomanga. Timapemphera nawo Lamulungu lililonse. Komiti ya malo ikadzakhala pansi, adzawayankhulire ndani?

Tsono ntchito yathu m'miphakati ndi iyi. Tifunse agulupu ngati komiti ya malo ilipo kwathu, idasankhidwa liti, ndipo amayi atatu aja ndani. Ngati kulibe, pa tsiku losankha tisatume ana kuti akatimvere. Amayi a bungwe, imani nawo pa chisankho. Abambo, polembetsa malo a nyumba lamulo likulola kulemba mayina awiri, lanu ndi la akazi anu. Ndikudziwa kuti ena mukuti amalume akwiya. Akwiye muli moyo, mukambirane, kusiyana ndi kuti adzakwiyire mkazi wamasiye.

Za mayi uja nkhani sidathe. Lamulo la chuma cha masiye la 2011 likuti kulanda katundu wa masiye ndi mlandu, ndipo limateteza mkazi ndi ana a womwalirayo. A komiti ya Chilungamo ndi Mtendere mutsalire tikamaliza pemphero, tipangane amene amuperekeze kwa majisitireti ndi kumene tipeze ndalama yoyendera.