Mau Onenedwa pa Msonkhano: Za Kuchulukitsa Zida za Nkhondo



Mlandu tasonkhanirawu ndi uwu: kodi kuyenera kuti maiko achulukitse zida? Chiyambire 2022, pamene Russia inathira nkhondo Ukraine, a ku Ulaya agwidwa mantha. Mu June 2025 maiko a NATO anapangana ku The Hague kuti pofika 2035 azidzapereka magawo 5 mwa 100 a chuma chao ku chitetezo chaka ndi chaka.

Ife a m'chigwa chino sitingathe kuwaseka. M'zaka za m'ma 1860 makolo athu Amang'anja, pokhala ndi mauta, anagwidwa ukapolo ndi anthu a mfuti a Matekenya. Amakololo amene anadza ndi Livingstone anatchinjiriza midzi ndi mfuti zao, nalandira nazonso ufumu. Tidziwanso kuti nkhondo ya mnansi ifika pakhomo: ya ku Mozambique isanathe mu 1992, othawa anadzaza Nsanje, nadya nafe mbale imodzi.

Koma taonani mtengo wake wa zida. Mu February 2025 Britain inalengeza kuti idzachepetsa thandizo la maiko osauka, ndalamazo zinke ku chitetezo chake. Tsono Shire akadzasefukanso monga pa namondwe Freddy mu 2023, adzatitumizira chimanga ndani?

Chifukwa chake ife titi: asilikali athu akhale nazo zida zokwanira kulondera malire, koma nkhokwe ziyambe zadzala, pakuti mlonda wanjala sakoka uta. Mafumu, mau athu ndi omwewa, muwaweruze ndinu.