Maso a Agogo ndi Jakisoni wa M'diso

Lero ndilankhula za maso a makolo athu okalamba.

Ng'ala mukuidziŵa. Imachotsedwa pa opaleshoni, ndipo munthu amaonanso. Koma pali nthenda ina ya ukalamba imene si ng'ala. Diso kunja limaoneka labwinobwino. Vuto lili m'kati, kumbuyo kwa diso, pa kamalo kakang'ono kamene madokotala amakatcha macula. Kamaloka ndi kamene timaonera chinthu tikachiyang'anitsitsa: nkhope ya mwana, zilembo za m'buku, bowo la singano. Nthendayi imagwira anthu opitirira zaka 50. Ndi yofala kwambiri kwa Azungu, koma kwathu kuno iliponso.

Kamaloka kakawonongeka, pakati pa chimene munthu akuyang'ana pamachita chimbuuzi. M'mbali amaona ndithu. N'chifukwa chake agogo amapita okha kudimba, koma osamzindikira mdzukulu amene waima patsogolo pawo. Musamati ayamba kunyada. Nkhope sakuiona.

Nthendayi ili mitundu iŵiri. Wina ndi wouma. Umenewu umabwera pang'onopang'ono, ndipo ulibe mankhwala obwezera maso. Wina ndi wonyowa. Timitsempha ta magazi timamera pansi pa macula ndi kumachucha, ndipo maso angawonongeke pa masabata ochepa chabe. Wonyowawu uli ndi jakisoni. Mankhwala otchedwa ranibizumab analoledwa ku America mu 2006. Ena otsika mtengo ndi bevacizumab.

Ndaona ena mwatsinzina nditatchula jakisoni wa m'diso! Musaope. Amayamba adonthezamo mankhwala ochititsa dzanzi, ndipo kubayako kumatha msanga.

Kodi moyo wa munthu wobayidwayo umakhala wotani? Kale mankhwalaŵa asanabwere, ambiri ankasiya kuŵerenga ndi kusoka. Lero ambiri obayidwa amasunga maso amene atsala, ndipo ena amaonako bwino kuposa poyamba. Mayi amene akutha kuŵerenga yekha ndalama pamsika sanamizidwa. Bambo amene akutha kuona nambala pa foni sadikira ana abwere kusukulu. Zimenezi si zazing'ono ayi.

Koma ndisakubiseni. Jakisoniyu sachiza nthenda, amangoigwira kuti isapitirire. Poyamba munthu amabayidwa mwezi uliwonse, kenaka dokotala amatalikitsa masiku ngati diso likupeza bwino. Ena amabayidwa kwa zaka. Ulendo uliwonse umafuna ndalama ya basi ya anthu aŵiri, popeza tsiku lobayidwa maso saona bwino ndipo pamafunika woperekeza. Apa ndi pamene ambiri amatopa. Agogo amati, "Ndisakuvutitseni ana anga, ndakalamba kale." Akasiya, timitsempha tija tingayambenso kuchucha, ndipo maso otayika motero kaŵirikaŵiri sabwerera. Choncho banja likhale pansi, ligaŵane miyezi yoperekeza.

China chimene jakisoni sachotsa ndi chisoni. Munthu amene ankagwira ntchito zake yekha amadziona ngati katundu. Ife timawonjezera chisonicho tikamulanda ntchito zonse. Asiyeni agogo azikonola chimanga, azisenda mtedza, azilera adzukulu. Manja awo amadziŵa ntchito. Mukaloŵa m'nyumba, tchulani dzina lanu. Musasunthe ndowa, mpando kapena mbaula osawauza. Tsiku la kuchipatala lilembeni ndi zilembo zazikulu zakuda papepala loyera, aliŵerenge panja poŵala.

Palinso chinthu chimene odwala amabisa. Ena amene maso awo afooka amaona anthu, maluŵa kapena nyama zimene palibe. Si misala, si ufiti. Ndi ubongo umene ukupanga zithunzi zake chifukwa maso sakuutumizira zokwanira. Charles Bonnet wa ku Geneva anazilemba zimenezi mu 1760, ataziona mwa agogo ake aamuna. Agogo akakuuzani zotere, musawaseke. Kauzeni dokotala.

Amene mumasuta fodya, dziŵani kuti fodya amakulitsa nthendayi.

Mukafika kunyumba lero, apempheni agogo atseke diso limodzi ndi dzanja, ayang'ane mzere wa njerwa pakhoma. Kenaka atseke linalo. Ngati mzere wowongoka ukuoneka wokhota, kapena pakati pakusoŵa njerwa, musadikire mwezi uthe. Pitani nawo kuchipatala cha maso sabata yomweyi.