CAKUDYA CA ANCHITO A KU AMERICA: SOSEJI WA M'BANZI NDI MSUZI WA CHILI

 Madzulo ano nkhani yathu iri ya m'mphika, ndipo itifikitsa kutali, ku dziko la America. Kumeneko kuli cakudya cimene amacicha hot dog. Dzinali m'Cingelezi lichula galu, koma musade nkhawa, mulibe galu m'menemo. Ndi soseji wa nyama ya ng'ombe kapena ya nkhumba, woikidwa m'banzi lalitali long'ambidwa pakati. Pamwamba pa sosejiyo ambiri amathirapo msuzi wokhuthala wa nyama yogaya ndi tsabola, umene dzina lace ndi chili. Msuzi umenewu ndiwo ndifuna tikambirane. Ndiyamba ndi mbiri yace, pakuti munthu akadziwa amene anayamba kuudya, ndi m'mene anali kuudyera, sabvutika konse kumvetsa kaphikidwe kace.

Soseji anafika ku America ndi Ajeremani amene anasamukira kumeneko. Ca m'ma 1870 m'modzi wa iwo, Charles Feltman, anayamba kugulitsa soseji wotentha m'banzi ku Coney Island, malo a m'mbali mwa nyanja mu mzinda wa New York kumene anthu amapita kukaceza masiku opumula. M'caka ca 1916 wanchito wace wina, Nathan Handwerker, wocokera ku Poland, anatsegula malo ace-ace, nagulitsa hot dog pa masenti 5 pamene Feltman anali kugulitsa pa masenti 10. Cotero dzina la Coney Island linamveka m'dziko lonse monga kwao kwa cakudya cimeneci.

Chili anacokera mbali yina, kumwera, ku Texas. Dzina lace lonse m'cinenero ca ku Spain ndi chili con carne, ndiko kunena kuti tsabola ndi nyama. Kuyambira m'ma 1880 amai a mtundu wa ku Mexico anali kuphika nyama ya ng'ombe ndi tsabola wouma m'mabwalo a mzinda wa San Antonio, namagulitsa kwa anthu odutsa usiku, kufikira akulu a zaumoyo anawaletsa ca kumapeto kwa m'ma 1930. M'ma 1890 Mjeremani wina wa ku Texas komweko, William Gebhardt, anayamba kupera tsabola wouma pamodzi ndi zonunkhira zina ndi kugulitsa ufawo. Kucokera pamenepo munthu ali yense, ngakhale wokhala ku maiko ozizira a kumpoto kumene tsabolayo sanali kupezeka, anatha kuphika chili m'nyumba mwace.

Tsono zakudya ziwirizi zinakomana bwanji? Zinakomana m'malo angapo, koma malo amene mbiri yace iri yochuka kopambana ndiwo mizinda ya mafakitale, makamaka Detroit m'cigawo ca Michigan, kumene amapanga galimoto. Mu January 1914 Henry Ford analengeza kuti adzalipira anchito ace madola 5 pa tsiku la maola 8, ndalama zoposa kawiri zimene ambiri anali kulandira. Anthu anakhamukira kumeneko kucokera m'midzi ya America ndi ku maiko a tsidya la nyanja. M'caka ca 1900 anthu a mu Detroit sanafike 300,000, koma pofika 1930 anapitirira 1,500,000. Ambiri a iwo anali amuna osiya mabanja ao kutali, ogona m'zipinda za lendi, opanda wowaphikira. Inu a ku migodi moyo wotere muudziwa bwino lomwe. Munthu wotere afuna cakudya cotentha, cokhutitsa, cochipa, ndiponso cofika msanga, popeza nthawi yopumula pa nchito iri yaifupi.

Amene anaona njala imeneyi anali alendonso. Anali Agriki ndi anthu a ku Macedonia, amene anacoka kwao cifukwa ca umphawi ndi nkhondo za ku Balkan za mu 1912 ndi 1913. Ambiri a iwo analibe cuma, ndipo Cingelezi anali kucidziwa pang'ono cabe, koma kwao anazolowera kuphika msuzi wa nyama yogaya wothira zonunkhira. Msuziwo anauthira pa soseji, naucha chili, dzina limene anthu a ku America anali kulidziwa kale, ndipo malo ao odyera anawacha Coney Island, ngakhale kuti New York ali kutali ndithu ndi Michigan. Akulu athu anati mlendo ndiye ayenda ndi kalumo kakuthwa.

Mu Detroit munali abale awiri Acigriki, Gust Keros ndi William Keros, amene anakhala ndi nyumba zodyera ziwiri zogundana khoma, American Coney Island ndi Lafayette Coney Island, ndipo kwa zaka makumi ambiri anthu a mumzindawo akhala alikutsutsana kuti msuzi wokoma uli mbali iti. Mu Flint, mzinda winanso wa galimoto, msuzi wao ngwouma, wopangidwa ndi mtima wa ng'ombe wogaya. Mu Cincinnati, m'cigawo ca Ohio, abale awiri a ku Macedonia, Tom ndi John Kiradjieff, anatsegula malo ochedwa Empress m'caka ca 1922, ndipo iwo anathiramo zonunkhira zotsekemera monga sinamoni. Ku Washington nako, Ben Ali, wobadwira ku Trinidad, ndi mkazi wace Virginia anatsegula Ben's Chili Bowl m'caka ca 1958, m'dera la anthu akuda. Pamene Martin Luther King anaphedwa mu April 1968 ndi mzindawo unadzala cipolowe, masitolo ambiri anatenthedwa kapena kutsekedwa, koma iwo sanatseke. Anadyetsa apolisi, ozimitsa moto ndi atsogoleri a acinyamata omwe. Mu January 2009 Barack Obama anakadya pomwepo atatsala masiku owerengeka kulowa pa mpando wa Pulezidenti.

Mwaona tsono kuti cakudyaci cinapangidwira munthu wodya ciriri, wogwira ndi dzanja limodzi, wobvala zobvala zimene ayenera kubwerera nazo ku nchito. Malamulo onse a kaphikidwe kace acokera pamenepo, ndipo ali atatu. Loyamba, nyama ikhale yosalala, yopanda zibuluma, cifukwa cibuluma cimagubuduzika ndi kugwa pansi. Laciwiri, msuzi ukhale wokhuthala, cifukwa wamadzi-madzi umanyowetsa banzi, ndipo limaphwasuka m'manja. Lacitatu, musathiremo nyemba. Chili wodyera m'mbale ambiri amamthira nyemba, koma pa soseji nyemba zimalemera ndi kuphimba kukoma kwa nyama.

Amai ndi abambo amene muli ndi pensulo pafupi, lembani zofunika izi. Nyama ya ng'ombe yogaya theka la kilogalamu, imene ku America amati paundi imodzi ndi pang'ono. Ikhale ya mafuta pang'ono, pakuti nyama yopanda mafuta imauma. Anyezi m'modzi wamkulu woduladula tinthu tating'ono zedi. Adyo tiwiri tosinja. Madzi ozizira makapu 2. Tomato wa m'citini wokhuthala uja masupuni akulu 3, kapena matimati akupsa 3 osenda ndi kusinja. Paprika, ndiye ufa wa tsabola wofiira wosawawa, supuni yaikulu imodzi. Cumin, amene m'masitolo a Amwenye amamucha jira, supuni yaing'ono imodzi. Mcere supuni yaing'ono imodzi, shuga supuni yaing'ono imodzi, viniga supuni yaikulu imodzi. Potsiriza, tsabola wowawa.

Pa tsabola pamenepa ndicenjeze. Tsabola yense kwao kweni-kweni ndi ku America, ndipo anafika kuno ku Africa pa zombo za Apwitikizi, monga cimanga ndi cinangwa. Koma ufa umene a ku America amaucha chili powder suli tsabola yekha. Uli msanganizo wa tsabola wosawawa kwambiri, cumin, adyo ndi masamba onunkhira. N'cifukwa cace mabuku ao ophikira amati thirani supuni yaikulu yodzala. Inu mukathira piripiri wathu wamng'ono uja muyeso womwewo, palibe adzadya, ndipo nyama yonse idzapita kudzala. Yambani ndi ka kunsonga kwa supuni yaing'ono, mulawe, muonjeze pang'ono-pang'ono. Kuonjeza nkwapafupi, kucotsa sikutheka. Wina akapsa m'kamwa mpatseni mkaka. Madzi sathandiza kweni-kweni, cifukwa cimene cimawawa mu tsabola cimasungunuka m'mafuta, m'madzi ai.

Kaphikidwe kace nkotere. Ife tinazolowera kuyamba ndi kukazinga nyama m'mafuta, koma pano musatero. Nyama yogaya ikakhudza moto isanamwazike, imagwirana n'kukhala zibuluma zimene simungaziphwanyenso. Ikani nyama yaiwisi m'poto, thirani madzi ozizira aja, ndipo poto asanapite pa moto, tikitani ndi mthiko kapena foloko kufikira zonse zikhale ngati phala. Maonekedwe ace sakondweretsa maso pa nthawi imeneyi, koma musataye mtima. Umu ndimo aphikira ku Cincinnati. Tsopano ikani pa moto, muzitakasa kufikira ziwire ndi nyama isinthe mtundu. Thirani anyezi, adyo, tomato ndi zonunkhira zonse, kusiyapo viniga.

Zikawira cepetsani moto. Ngati muphika pa mbaula, cotsaniko makala ena, atsale ongokwanira kuti msuzi uzibwadamuka pang'ono-pang'ono. Musabvundikire poto, cifukwa tifuna kuti madzi acoke ndi nthunzi. Phikani ola limodzi kapena ola ndi theka, mukutakasa kawiri-kawiri kuti zisapserere pansi. Wothamanga adzapeza nyama yolimba yosambira m'madzi; kuona maso a nkhono n'kudekha. Mafuta akayandama ambiri pamwamba, yengulani ena ndi supuni, koma musacotse onse, popeza kukoma kwa zonunkhira kumakhala m'menemo. Muyeso wa kupsa kwace ndi uwu: lembani mzere pansi pa poto ndi mthiko. Mzerewo ukatsekeka pomwepo, madzi akali ambiri. Ukakhala kanthawi usanatsekeke, msuzi wapsa. Pamenepo thirani viniga, mulawe mcere, muphule.

Soseji mumtenthetse m'madzi otentha kapena mumuoche pa makala, ndipo banzi mulifundize pa nthunzi kuti lifewe. Ku Detroit amaika soseji m'banzi, nathira chili masupuni awiri kapena atatu, kenaka mastadi, ndiye phala lacikasu lopangidwa ndi mbeu za mpiru, ndi anyezi waiwisi woduladula pamwamba. Ku Cincinnati amaonjeza cizi wopala. Taonani tsono phindu lace: theka la kilogalamu ya nyama, imene pa nsima ingakwanire anthu anai kapena asanu, pano ikwanira masoseji 10 kapena 12. Nzeru ya alendo aja inali imeneyi, kuti kanyama kakang'ono kafike pakamwa pa anthu ambiri, ndi soseji wochipa asanduke cakudya cokhalitsa m'mimba.

Pali zinthu ziwiri zimene sindingatseke nkhaniyi ndisanazinene, cifukwa zikhudza moyo. Coyamba, nyama yogaya imaonongeka msanga kuposa nyama yanthuli, popeza tizilombo ta pamwamba pa nyama timalowa m'kati monse poigaya. Gulani tsiku lomwelo mufuna kuphika, ndipo ipse yonse, pasatsale pofiira. Msuzi wophika usakhale pa mtunda kupitirira maola 2, makamaka m'nyengo yotentha ya October. Wotsala muusunge m'firiji masiku 3 kapena 4 basi, ndipo pouperekanso muuwiritse kolimba. Amene mulibe firiji phikani wongokwanira tsikulo. Inu amene mungafune kugulitsa cakudyaci pa msika kapena pafupi ndi cipata ca pa nchito, poto akhale pa moto nthawi zonse, wobvundikira cifukwa ca nchenche ndi pfumbi. Wogula m'modzi akadwala m'mimba, komboni yonse imva dzuwa lisanalowe, ndipo malonda anu athera pomwepo.

Caciwiri, soseji ndi nyama yokonzedwa ndi mcere wambiri ndi mankhwala oisungitsa. M'caka ca 2015 akatswiri a bungwe la World Health Organization analengeza kuti kudya nyama zotere kawiri-kawiri kumaonjezera ngozi ya khansa ya m'matumbo, ndipo mcere woculuka umakweza kuthamanga kwa mwazi. Cotero ici cikhale cakudya ca tsiku la malipiro, ca pa mpira, kapena ca pamene ana acita bwino ku sukulu. Cisalande malo a nsima, ndiwo zamasamba, nyemba ndi kapenta. Koma msuzi wokhawo ulibe mlandu umenewu, popeza muuphika nokha ndi nyama yatsopano, ndipo umakoma pa mpunga, pa mbatata ndi pa buledi wamba.

Anthu amene anaphika msuzi umenewu poyamba anafika m'mizinda yacilendo opanda munda ndi opanda abale. Anayang'ana anzao oturuka m'mafakitale, nadziwa cimene anali kusowa, naphika cinthu cimodzi cokha, koma anaciphika bwino tsiku ndi tsiku, ndipo ana ndi adzukulu a ena mwa iwo anakula ndi kuphunzira ndi ndalama za m'poto yemweyo. Yesani kuphika Loweruka lirinkudzali, ndipo kumbukirani madzi ozizira poyamba, moto wocepa, ndi tsabola wa kunsonga kwa supuni.