Mau Ocokera Pafupi ndi Nsangwe



Madzulo a mwezi wa November penyani kum'maŵa, mudzaona Nsangwe. Pafupi pake pali mtambo wosaoneka ndi maso, umene akatswiri aucha TMC-1. Suli wa mvula ai, koma wa mpweya ndi fumbi, wozizira koposa. Ndipo kuunika kocokera kumeneko kuyenda zaka zoposa 400 kusanatipeze.

Mudziŵa kuti m'nyengo ya cisanu, pofunyulula bulangeti mumdima, pathetheka timoto. Amenewo ndiwo magetsi. Zinthu zonse zipangidwa ndi tizidutswa tochedwa maatomu, tokhala ndi tinthu tocepetsetsa, maelekitironi. Maatomu akagwirana apanga molekyulu, ndipo molekyulu ikatola elekitironi yoonjeza isenza magetsi a negativi, onga a mbali ija ya batire yolembedwa kamzere.

Kale ambiri anayesa kuti zotere sizingakhalitse kuthambo, popeza kuŵala kwa nyenyezi kukadathothola elekitironiyo msanga. Koma mu 1981 Eric Herbst anati mamolekyulu atali ngati unyolo akhoza kuigwiritsa. Panapita zaka 25 umboni usanaoneke.

Nanga unaoneka bwanji? Monga nyumba youlutsira mau iri yonse iri ndi malo ake pa wailesi yanu, momwemonso molekyulu iri yonse, pozungulira, itulutsa mafunde akeake. Mu 1995 akatswiri a ku Japan anamva mafunde osadziŵika mwini wake, ocokera ku nyenyezi yokalamba yochedwa IRC+10216. Mu 2006 Michael McCarthy, Patrick Thaddeus ndi anzao a ku Harvard anapanga m'cipinda coyesera molekyulu ya maatomu 6 a kaboni, yemweyu wa m'makala a pa mbaula, ndi atomu imodzi ya haidirojeni, yosenza elekitironi yoonjeza. Mafunde ake analingana ndi aja ndendende. Pamenepo analozetsa mbale yaikulu ya ku Green Bank, ku America, ya mamita 100, ku mtambo uja wa pafupi ndi Nsangwe, namva mafunde omwewo.

Wina afunsa, kodi tipindulanji? Zoona, cimanga sicicuruka nazo. Koma m'mitambo yotere ndimo mubadwira nyenyezi, monga linabadwira dzuŵa lathu, ndipo magetsi a m'mtambo ali ndi mbali pa cangu cimene mtambowo uundana naco. Mu 2007 anapezanso mitundu ina iŵiri, wa kaboni 4 ndi wa kaboni 8.