Dzungu la Pakhomo: Kukongoletsa Nyumba pa Nyengo ya Halloween

Mwezi wa Okutobala kuno ku Malawi ndi mwezi wa dzuwa loswa mtengo, pamene alimi amakhala ali kalikiliki kusosa ndi kugalauza minda, maso ali kumwamba kudikira mvula. M'maiko a kumpoto kwa dziko lapansi, monga Ireland, Britain, Canada ndi United States of America, nyengo imakhala yotembenuka. Kumeneko mwezi womwewu ndi wa masika: zokolola zalowa m'nkhokwe, masana akufupika, ndipo mphepo yozizira yayamba kuomba. Angerezi amaitcha nyengo imeneyi autumn, pamene anthu a ku Amereka amakonda kuitcha fall, kunena kuyoyoka kwa masamba. Ndi pa nthawi imeneyi pamene mabanja amakongoletsa makomo a nyumba zawo pokonzekera usiku wa pa 31 Okutobala, umene umatchedwa Halloween. Nkhani ya lero ikulongosola kumene zokongoletsazi zidachokera, ndiponso zimene zimachitika chakudya chikasanduka chokongoletsera pakhomo.

Chokongoletsa choyamba chimachokera ku mitengo. Masana akafupika ndipo kukayamba kuzizira, mitengo monga maple ndi oak imaleka kupanga utoto wobiriwira umene umathandiza tsamba kukonza chakudya kuchokera ku kuwala kwa dzuwa. Utoto umenewu ukatha, utoto wachikasu umene udali wobisika m'tsambamo umaonekera, ndipo mitengo ina imapanganso utoto wofiira. M'zigawo za Vermont ndi New Hampshire ku Amereka mapiri athunthu amaoneka ngati akuyaka moto, kotero kuti alendo amayenda mitunda italiitali kudzaona. Omvera amene adaonapo mitengo ya mombo ikufiira mvula isanagwe angathe kuyerekeza maonekedwe ake, ngakhale kuti kuno amene amafiira ndi masamba ongophuka kumene, pamene kumeneko ndi masamba amene atsala pang'ono kugwa. Masamba oterewa amawatola, kuwaumitsa ndi kuwalukira pamodzi ndi timitengo, nkupanga nkhata yaikulu yopachika pa chitseko.

Munthu woyenda m'misewu ya m'matauni a ku Amereka pa nyengoyi amaona zinthu zimene mlimi aliyense angazizindikire msanga. Pa nsanamira za khonde amamangirira mitolo ya mapesi a chimanga. Pa masitepe amandandalika maungu ndi mphonda zamitundumitundu, pamodzi ndi ngala za chimanga cha maso ofiira, akuda ndi achikasu. Pambali pake pamakhala mtolo wa udzu wouma, ndipo pamwamba pake pamakhala chidole chovala nsanza, chofanana ndi chimene amaimika m'munda poopseza mbalame. Zonsezi zimanena za kukolola. Koma pakati pake pamaonekanso zithunzi za mileme, akadzidzi, amphaka akuda ndi mafupa a anthu, zimene zimanena za usiku ndi imfa. Ndi chifukwa chake mitundu iwiri ya Halloween ndi wofiirira wonga dzungu lakupsa ndi wakuda bii.

Kuti zokolola ndi imfa zikumane pa khonde limodzi, chiyambi chake chili ku Ireland ndi ku Scotland. Makolo a kumeneko adali ndi chikondwerero chotchedwa Samhain, chotsekera nyengo yokolola ndi kutsekulira miyezi ya chisanu. Ng'ombe ankazitsitsa ku mabusa a kumapiri, zina nkuzipha kuti nyama isungidwe, ndipo ankasonkha moto waukulu pa zitunda. Iwo ankakhulupirira kuti usiku umenewo mizimu ya omwalira imayandikira midzi ya amoyo. Chikhristu chitakhazikika, Mpingo udaika tsiku la Oyera Onse pa 1 Novembala, ndi tsiku lopempherera omwalira onse pa 2 Novembala. Madzulo a tsiku la Oyera Onse lisanafike ankatchedwa All Hallows' Eve, ndipo dzina limeneli ndi lomwe lidafupikitsidwa kukhala Halloween.

Nyali yoyamba ya Halloween sidali ya dzungu. Anthu a ku Ireland ankasema mbewu yotchedwa turnip, ya banja limodzi ndi mpiru ndi tanaposi, imene imabereka chinthu chachikulu cholimba m'nthaka. Ankaikolowola mkati, kuiboola maso ndi kamwa, nkuikamo kandulo kapena khala la moto, kenaka nkuiika pa zenera. Nthano yawo imati padali munthu wina woumira ndi wochenjera dzina lake Jack, amene adapusitsa Satana kangapo. Atamwalira adakanidwa kumwamba chifukwa cha zoipa zake, ndipo kumoto nakonso adamukana. Adangopatsidwa khala limodzi, limene adaliika m'turnip kuti limuunikire poyendayenda mu mdima. Kuchokera pamenepo nyali yotereyi imatchedwa jack-o'-lantern. Chifaniziro cha nyali ina yakale yochokera ku Donegal, ya nkhope yoopsa ndithu, chimasungidwa m'nyumba ya zinthu zakale ya National Museum of Ireland kufupi ndi tauni ya Castlebar.

Mwambowu udaoloka nyanja chifukwa cha njala. Kuyambira chaka cha 1845 mpaka 1852 matenda adaononga mbatata ya kachewere ku Ireland, imene idali chakudya chodalirika cha anthu osauka. Anthu pafupifupi miliyoni imodzi adamwalira, ndipo enanso oposa miliyoni adathawa m'dzikomo, ambiri mwa iwo kupita ku Amereka. Kumeneko adapeza dzungu, mbewu ya eni nthaka, imene idayamba kulimidwa ku Mexico zaka zikwi zambiri zapitazo. Mitundu ya anthu monga Iroquois inkabzala chimanga, nyemba ndi maungu m'munda umodzi, monga momwe alimi a kuno amachitira, pakuti mbewu zitatuzi zidafika mu Afrika kuchokera ku Amereka komweko pambuyo pa chaka cha 1500. Alendo aja adaona kuti dzungu ndi lalikulu, lofewa ndiponso la mphako kale mkati, motero adasiya turnip. Ana a anthu othawa njala ndiwo adathandiza kusandutsa dzungu kukhala nyali.

Kasemedwe kake ndi kosavuta. Kholo limadula chivundikiro pamwamba pa dzungu, ana nkukolowola nthanga ndi zamkati ndi supuni. Akatero amajambula nkhope pa khungu, kholo nkuboola ndi mpeni, ndipo madzulo amaikamo kandulo kapena kanyali ka batire, kamene ozimitsa moto amalimbikitsa popewa ngozi. Dzungu losasema lingakhale miyezi pa malo ozizira, koma losemedwa limayamba kuola patangopita masiku owerengeka.

Kukongoletsa khomo kuli ndi ntchito inanso. Kale usiku wa Halloween achinyamata ankachita zaupandu, monga kuzula zipata za mipanda ndi kumasula ziweto. M'chaka cha 1920 tauni ya Anoka ku Minnesota idakonza chikondwerero cha anthu onse pofuna kuwachotsa ku zimenezi, ndipo pofika zaka za m'ma 1950 mwambo woti ana aziyenda khomo ndi khomo kupempha maswiti udali utafala m'dziko lonselo. Lero nyali yoyaka pa khonde ndi dzungu lowala ndi chizindikiro chakuti ana ndi olandiridwa pakhomopo. Nyumba ikakhala mu mdima, ana amaidutsa osagogoda, ndipo ndi mmene amachitira mabanja ena achikhristu amene safuna kutengako mbali chifukwa cha zithunzi za mizimu ndi mfiti. M'matauni mmene anthu oyandikana nyumba angathe chaka osalonjerana, usiku umenewu zitseko zimatsekulidwira ana a eni, ngati kuti anthuwo akumbukira kuti mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Koma chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Mwambo umene udayamba ndi zinthu za m'munda udasanduka malonda aakulu. Bungwe la amalonda la National Retail Federation lidawerengera kuti m'chaka cha 2023 anthu a ku Amereka adzagwiritsa ntchito madola mabiliyoni 12.2 pa Halloween, ndipo mwa ndalamazi mabiliyoni 3.9 adali a zokongoletsa zokha. Zambiri mwa zokongoletsazi ndi zapulasitiki. M'chaka cha 2020 sitolo za Home Depot zidayamba kugulitsa chidole cha mafupa a munthu chotalika mafiti 12, ndipo anthu adachilimbirana. Ukonde wa kangaude wochita kupanga, umene amayala pa mipanda ya maluwa, umakola mbalame ndi tizilombo, mwakuti oteteza zachilengedwe amachenjeza za iwo chaka ndi chaka.

Chodandaulitsa kwambiri ndi dzungu lenilenilo. Chigawo cha Illinois chimalima maungu ochuluka kuposa chigawo china chilichonse ku Amereka, ndipo ambiri a kumeneko amakonzedwa ndi kuikidwa m'zitini ku tauni ya Morton kuti adyedwe. Koma maungu mamiliyoni ogulidwa kuti asemedwe, ku Amereka ndi ku Britain komwe, amatayidwa Halloween ikangotha. Akakwiriridwa kudzala pamodzi ndi zinyalala zina amaola popanda mpweya, nkumatulutsa mpweya wa methane umene umaonjezera kutentha kwa dziko lapansi. M'chaka cha 2014 bungwe la Hubbub lidayambitsa ntchito yopulumutsa maungu mu mzinda wa Oxford, kuphunzitsa anthu kuphika msuzi ndi zamkati, kukazinga nthanga, ndi kusandutsa zotsala kukhala manyowa. Phunziro limeneli silingakhale lachilendo kwa mayi wa kumudzi kuno, amene pa mbewu yomweyi amapezapo nkhwani, chiluwe, dzungu ndi nthanga, osataya kanthu.

Choncho omvera amene angalandire chithunzi kuchokera kwa abale a ku London kapena ku Manchester, choonetsa dzungu la maso oyaka pakhomo, adziwe kuti akuona mwambo wa alimi amene ankathokoza chifukwa cha zokolola, kukumbukira omwalira, ndi kuyatsa nyali pa nthawi imene mdima unkachuluka. Anthu amene adaupititsa ku Amereka ankadziwa kuwawa kwa njala. Mabanja amene lero amakongoletsa makomo ndi masamba otola, mapesi ndi maungu osaboola, nkudzawaphika mu Novembala, ndiwo akutsata bwino mapazi a makolo amenewo.